Netiweki inalibe mlandu

Pa tchuthi chachitali chapitachi ndinali pa attachment ku bungwe lina loti si la boma mumzinda wa Lilongwe. Dzina lake sinditchula, chifukwa anthu ake anandisunga bwino, komanso zomwe ndikufuna kunena pano zimachitika m'maofesi ambiri. Anandiika ku gawo lofalitsa nkhani, komwe ntchito yanga inali yokonza Chingerezi cha m'malipoti, kusankha zithunzi ndi kulemba timawu toika pa Facebook. Lolemba loyamba anandipatsa desiki, mpando wogwedera mwendo umodzi, ndi kompyuta yomwe anaitulutsa m'chipinda chosungira katundu n'kuipukuta fumbi ine ndikuona. Inayaka bwinobwino. Ndikalowa ndi akaunti ya alendo yomwe inalimo kale, intaneti inkagwira, YouTube inkatseguka. Koma dzina ndi pasiwedi zomwe anandilembera pa kapepala sizinkalowa, foda yomwe munali malipoti onse sinkaoneka, ndipo printa ya pakhonde inkangondiyang'ana.

Chifukwa chake anandiuza m'mawa womwewo: kompyutayo inali isanalowetsedwe mu domain ya ofesi. Mkulu wa IT anali ku Mangochi, poti munthu mmodzi yemweyo ndiye amayang'anira maofesi a bungwelo m'maboma atatu. Mayi a ku administration, amene anasiyiridwa chilolezo cholowetsa makompyuta mkuluyo akachokapo, anabwera ndi kabuku kawo, anadina apa ndi apo, analemba dzina la domain, ndipo pa sikirini panatumphuka kabokosi ka mawu a Chingerezi. Sanakawerenge. Inenso, nditaima kumbuyo kwawo, sindinakawerenge. Anadina OK n'kunena kuti, "Netiweki yavuta, mwana wanga. Tiyesanso mawa." Ndinavomera msangamsanga, chifukwa mawu amenewo ndakula nawo. Ndawamva kubanki, ndawamva pa mzere wolipirira fizi, ndawamva kwa ejenti wa ndalama za pafoni. Mmalawi akamva kuti netiweki yavuta amadziwa kuti nkhani yatha, chatsala n'kupeza pokhala.

Lachiwiri zinali chimodzimodzi, Lachitatu chimodzimodzi. Lachinayi Mayi aja anangodutsa n'kundipatsa moni wa maso. Mungaganize kuti masiku anayi si kanthu, koma attachment yonse inali ya masabata 6. Mnzanga wina wa maphunziro a zamalonda, amene tinayamba tsiku limodzi ndipo kompyuta yake inkagwira, anayamba kupatsidwa ntchito zomwe zinali zanga. Ine ndinkayenda ndi fulashi kupempha anthu kuti andiikire mafayilo, mpaka wina anandinong'oneza kuti mafulashi ndi oletsedwa chifukwa cha mavairasi. Madamu amene ankayenera kudzalemba fomu yanga yobwerera nayo kusukulu anayamba kundidutsa ngati kabati. Sankandida ayi. Munthu wopanda chogwirira ntchito amangoiwalika.

Masiku anayi amenewo ndi omwe andichititsa kulemba nkhaniyi, ndipo ndikufuna kulimbana ndi chiganizo china chomwe ife a Humanities timachikonda kwambiri, chakuti "ine si wa IT". Timachinena mutu uli pambali, ngati anthu odzichepetsa amene akuvomereza kuti kunja kuno kuli anzathu anzeru. Ine ndayamba kuchiona ngati ulesi wovala bwino. Tangoganizani. Ndife anthu amene timachezera usiku ndi tsamba limodzi la Michel Foucault, kubwereza chiganizo chotalika ngati msewu wa M1 mpaka tanthauzo litatuluka. Timalemba masamba 10 pa ndakatulo ya mizere 14. Aphunzitsi athu amatichotsera malikisi tikanamizira wolemba zomwe sananene. Ndiye kabokosi ka ziganizo ziwiri katuluka pa sikirini, kolembedwera ifeyo amene takhala pa mpandopo, ife n'kudina OK maso ali kwina. Palibe anandipempha kuti ndikonze kompyuta sabata imene ija. Chomwe chinkafunika ndi kuwerenga, ntchito yomwe makolo anga akulipirira fizi kuti ndiidziwe.

Ndifotokoze kaye domain monga ndinaimvera ine. Kwathu ku Ntcheu munthu sangangofika m'mudzi n'kuyamba kuumba njerwa. Amapita kwa a nyakwawa, pamakhala womuperekeza amene ndi wodziwika kale, dzina lake limalowa m'kaundula, ndipo kuyambira tsikulo ali ndi gawo pa mjigo ndi kumanda, komanso malamulo a mudziwo amamukhudza. Domain ndi mudzi wa makompyuta a pa ofesi. Pali kompyuta imodzi yaikulu, seva yomwe amaitcha domain controller, ndipo ndiyo imasunga kaundula wa anthu ndi makompyuta onse. Pa Windows kaundula ameneyu amatchedwa Active Directory, ndipo Microsoft inayamba naye pa Windows 2000. Kompyuta ikalembedwa m'menemo, wogwira ntchito aliyense angathe kulowapo ndi dzina lake, mafoda ndi maprinta omwe iyeyo ndi wololedwa kugwiritsa ntchito amatseguka, ndipo malamulo a ofesi, monga kutalika kwa pasiwedi, amafika okha popanda munthu kuyenda desiki ndi desiki.

Kuti mlendo alembedwe, ayenera kupeza kaye nyumba ya a nyakwawa, womuperekeza akhale wodalirika, ndipo zonena zake zigwirizane ndi zomwe eni mudzi akudziwa. Chilichonse mwa izi chikhoza kulephereka pachokha, ndipo kabokosi kaja kamatchula chomwe chalephereka. Ife tonse tinkangoti netiweki.

Lachisanu m'mawa ndinachita zomwe ndikanachita Lolemba. Sindinganamizire nzeru, anali manyazi: Madamu anali atafunsa pa msonkhano wa m'mawa kuti mtsikana wa attachment uja akutani kwenikweni. Ndinapempha Mayi a ku administration kuti ayesenso, ndipo kabokosi katatuluka ndinati, "Mayi, dikirani kaye pang'ono, ndikajambule." Kankanena kuti domain controller ya domain yomwe tinalemba "could not be contacted". Sikanati pasiwedi ndi yolakwika. Sikanati tilibe chilolezo. Kanati sinapezeke. Kukanidwa pakhomo ndi kusafika n'komwe pakhomopo ndi nkhani ziwiri zosiyana, ndipo mneni mmodzi yekhayo anali akutiuza kuti yathu ndi yachiwiriyi.

Pansi pa kabokosiko panali batani lolembedwa Details, lomwe kwa masiku anayi palibe analikhudza. Titalidina panatuluka ndime yaitali, mwina mosamveka, muli zinthu ngati SRV ndi _ldap._tcp zomwe sindinkazidziwa. Koma pakati pake panali ziganizo ziwiri zomwe mwana wa Fomu 4 angamve. Choyamba chinkati DNS itafunsidwa inayankha kuti dzina limeneli kulibe. Chachiwiri chinkati kompyutayi ikufunsa DNS ya pa adiresi 8.8.8.8.

Makompyuta amapezana ndi manambala, pomwe ife anthu timakumbukira mayina. DNS, yomwe Paul Mockapetris anaikonza mu 1983, ndiyo imalumikiza ziwirizi: mukalemba dzina la tsamba, kompyuta imafunsa kaye DNS kuti dzinali lili pa nambala iti. 8.8.8.8 ndi DNS ya Google, yotsegukira aliyense kuyambira 2009, ndipo imapeza mayina a pa intaneti yonse. N'chifukwa chake YouTube inkatseguka, ndipo n'chifukwa chakenso aliyense ankaganiza kuti kompyutayo ili bwino. Koma dzina la domain yathu linali la m'nyumba, lodziwika ndi seva ya muofesimo yokha. Kufunsa Google kuti domain controller yathu ili kuti kunali ngati kufunsa kondakitala wa basi pa depoti ya Lilongwe kuti nyumba ya a nyakwawa a kwathu ili mbali iti ya mjigo. Misewu ikuluikulu akuidziwa yonse, koma kumeneko sanapondeko.

Izi sindinazimve zonse nthawi yomweyo. Chomwe ndinachita n'chomwe timachita m'kalasi tikapatsidwa malemba awiri, kufananiza. Ndinafufuza pafoni mmene munthu amaonera DNS ya kompyuta, n'kupeza kuti umatsegula Command Prompt n'kulemba ipconfig /all. Mawu amenewa amangoonetsa zomwe zilipo, sasintha kanthu. Pa kompyuta yanga mzere wa DNS Servers unali ndi 8.8.8.8. Pa ya mnzanga wa zamalonda uja unali ndi nambala yoyamba ndi 192.168, ya mkati mwa ofesi. Ndinajambula zonse ziwiri, ndinaphatikiza chithunzi cha kabokosi kaja, n'kutumiza ku Mangochi pa WhatsApp.

Pasanathe mphindi 10 foni inalira.

"Achemwali, ndinu amene mwatumiza zithunzizi?"

"Eya achimwene, ndine wa attachment uja."

"Sabata yonseyi akundiuza kuti netiweki yavuta. Ine ndimaganiza kuti ndi chingwe cha m'chipinda chanucho, ndimati ndidzachione Lolemba. Tawapatsirani foni Mayi."

Anawalondolera pomwe angadine kuti DNS ichoke pa nambala yolembedwa pamanja ija, ibwerere poti izilandira yokha kuchokera ku netiweki ya ofesi. Sizinatenge mphindi ziwiri. Koma mawu ake aja anandikhala m'mutu tsiku lonse. Kwa masiku anayi katswiri anali ndi foni m'thumba, wokonzeka kuthandiza, ife tikumupatsa nkhani yolakwika. Zili ngati kutumiza uthenga kwa dokotala kuti m'thupi simuli bwino, basi, n'kumadandaula kuti mankhwala akuchedwa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma kufunsa nakonso kumafuna kuti wofunsayo ayambe wayang'ana.

Tinayesanso. Ulendo uno kompyuta inapempha dzina ndi pasiwedi ya Mayi, kusonyeza kuti pakhomo tafika. Kenako panatumphuka kabokosi kena, konena kuti pali kusiyana kwa nthawi kapena tsiku pakati pa kompyutayi ndi seva. Tinayang'ana pakona ya sikirini, 10:20. Tinayang'ana wotchi ya pakhoma, 10:20. Mayi anaseka n'kunena kuti tsopano yayamba kunama. Dzulo lake ndikanaseka nawo. Koma kabokosi koyamba kanali katanena zoona kwa masiku anayi popanda womvera, ndiye ndinatsegula pomwe amasinthira nthawi kuti ndione. Time zone inali Pacific Time, nthawi ya kumadzulo kwa America, dera lomwe kuli likulu la Microsoft. Amene anaika Windows pa kompyutayo sanaisinthe. Ataona kuti wotchi ikusonyeza zachilendo, anathimitsa zoti izidzikonza yokha n'kuikankha pamanja mpaka ifanane ndi ya pakhoma. Pamaso inali yolondola. Koma makompyuta akamalankhulana amawerengera pa nthawi ya UTC, yomwe ndi imodzi dziko lonse lapansi. Malawi ali patsogolo pa UTC ndi maola 2, pomwe kumadzulo kwa America mu Julaye kumakhala pambuyo ndi maola 7. Kompyuta yanga inkakhulupirira kuti ili ku Seattle nthawi ya 10:20 m'mawa, choncho kwa seva inali patsogolo ndi maola 9.

Chifukwa chomwe seva imaumirira pa nthawi chonchi chinandisangalatsa kuposa zonse, poti chinandibwezera m'kalasi ya nthano za Agiriki ya chaka choyamba. Njira yomwe domain imatsimikizira kuti munthu ndi yemwe akudzinenayo imatchedwa Kerberos. Inakonzedwa ku yunivesite ya MIT ku America m'zaka za m'ma 1980, ndipo dzinalo ndi la galu wa mitu itatu amene amalondera pa chipata cha dziko la akufa, kwa Hades. Mbali zake nazonso ndi zitatu: wopempha, malo omwe akufuna kulowa, ndi wosunga makiyi amene onse awiri amamukhulupirira. Pasiwedi yeniyeniyo siyenda pa chingwe. Chimayenda ndi uthenga wotsekedwa womwe mkati mwake mwalembedwa nthawi, ndipo ukavomerezedwa wopemphayo amapatsidwa tikiti. Nthawiyo imaikidwamo kuti mbala yomwe yatchera uthenga wanu lero isadzaugwiritse ntchito mawa. Choncho mawotchi akasiyana ndi mphindi zopitirira 5, galuyo amauwa. Ife tinali titasiyana ndi maola 9, ndiye mungoganiza.

Tinaimbanso ku Mangochi, anatiuza kuti tisankhe time zone ya Harare ndi Pretoria, yomwe ndi yofanana ndi yathu, tikonzenso wotchi. Mayi analembanso pasiwedi yawo, kompyuta inatilandira, tinaithimitsa n'kuiyatsanso, ndipo nkhomaliro isanakwane ndinali m'foda ya malipoti.

Lolemba lotsatira a IT atabwera ndinawapanikiza ndi mafunso pa tiyi, ndipo zomwe anandiuza ndinalemba kumbuyo kwa kope langa. Makompyuta ambiri ogulidwa m'mashopu, kuphatikizapo a kaunjika ochokera kunja, amabwera ndi Windows Home, ndipo Home siilowa mu domain ngakhale mutasala kudya. Pamafunika Pro, Enterprise kapena Education. Nkhani ya wotchi anati amakumana nayo kawirikawiri m'njira ina: mkati mwa kompyuta muli kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, CR2032, komwe kamasunga nthawi magetsi akachoka. Kakatha mphamvu, magetsi akangothima wotchi imasokonekera, nthawi zina n'kubwerera zaka zambuyo, ndipo kuno kwathu simufunika kuuzidwa kuti magetsi amathima kangati. Ena amalumikiza kompyuta ku Wi-Fi ya alendo, yomwe imapatsa intaneti koma anaitchinga dala kuti isafike ku seva. Ena amapatsa makompyuta awiri dzina limodzi, kapena dzina lopitirira zilembo 15 lomwe limadulidwa n'kufanana ndi la inzake. Palinso uthenga wonena za trust relationship, womwe umaopsa anthu ambiri. Tanthauzo lake n'lakuti kompyuta nayo ili ndi pasiwedi yakeyake mu domain, imene imasintha yokha pa masiku 30 alionse, ndipo ikabwezeretsedwa mmene inalili miyezi yapitayo imakumbukira yakale pomwe seva ikusunga yatsopano. Ndipo ukalemba ipconfig n'kuona adiresi yoyamba ndi 169.254, ndiye kuti kompyutayo sinapatsidwe nambala ndi aliyense, uyang'ane chingwe. Apo pokha ndi pomwe mawu akuti netiweki yavuta amayandikira choonadi.

Chomwe chinandigwira mtima pa zonsezi ndi chakuti Windows imasunga mbiri. Nthawi iliyonse munthu akayesa kulowetsa kompyuta mu domain, zomwe zachitika zimalembedwa mu fayilo yotchedwa NetSetup.log, mu foda ya debug mkati mwa foda ya Windows. Anandionetsa yanga. Kuyesa konse kwa Mayi kunali momwemo, mzere ndi mzere, ndi pomwe zinkathera. Anzanga a History amapita mpaka ku National Archives ku Zomba kukafuna zolembedwa zotere. Zanga zinali pa desiki panga.

Ndikudziwa zomwe anzanga a Computer Science anene akawerenga izi: mwana wa attachment asamakhudze zinthu zomwe sakuzidziwa. Akunena zoona, ndipo umboni wake ndi kompyuta yanga yomweyo. 8.8.8.8 sinadzilembe yokha. Anailemba ndi munthu wina wochenjera, mwina ataonera kanema wonena kuti intaneti imathamanga ukasintha DNS. Wotchi ija inakankhidwa ndi munthu wodzidalira amene anafuna kuti pamaso pakongole. Mavuto onse awiri anabwera ndi anthu okonza asanawerenge, ndipo ife tinawatalikitsa pokana kuwerenga. Pa zonse zomwe ndinachita Lachisanu lija, palibe chomwe ndinasintha mwini wake asananene. Ndinawerenga, ndinajambula, ndinafananiza, ndinauza woyenera kuuzidwa. Pasiwedi ya Mayi sindinaipemphe ndipo mpaka lero sindiidziwa.

Ena anena kuti ntchito zimagawidwa, munthu sangadziwe zonse, a IT nawonso sakonza Chingerezi cha m'malipoti. N'zoona. Koma kabokosi kakatuluka, maso omwe ali patsogolo pa sikirini ndi anu, a IT ali ku Mangochi. M'mabungwe ang'onoang'ono ndi m'maofesi a m'maboma, momwe ambiri a ife tikayambire ntchito, munthu wa IT amakhala mmodzi wa anthu ambirimbiri, mwinanso wongoitanidwa zinthu zikafika povuta. Liwiro lomwe vuto lanu lithere limadalira mmene mwalifotokozera. Kufotokoza ndi ntchito yathu.

Ndinenenso za ife atsikana, ngakhale ena sakondwa. Mtsikana akanena kuti za makompyuta sazidziwa, zimamveka ngati khalidwe labwino, anthu amamwetulira n'kumuuza kuti asadandaule. Palibe amene anadabwa kuti ndakhala masiku anayi manja ali m'miyendo. Ndikukayika ngati mnyamata akanakhala pa desiki ija mpaka Lachinayi popanda wina kumufunsa kuti, "Aise, bwanji osangoiona?" Chifundo choterocho chimakoma, koma pa fomu yobwerera nayo kusukulu sachilembapo.

Pali chinthu china chomwe ndinatsala pang'ono kuchita Lachitatu, ndipo ndimachita nacho manyazi kuposa kudina OK kuja. Nditatopa ndi kudikira, ndinabweretsa laputopu yanga, yomwe bambo anga anagula atagulitsa soya, n'kupempha Mayi kuti alowetse imeneyo mu domain. Anafufuza pomwe amadina, sanapapeze, poti yanga ndi ya Windows Home. Nditawafotokozera a IT pa tiyi paja, anaika kapu pansi n'kunena kuti, "Achemwali, Mulungu anakukondani." Kompyuta ikalowa mu domain, gulu la oyang'anira domain limakhala ndi mphamvu zonse pa kompyutayo. Malamulo a ofesi, omwe amawatcha Group Policy, amayamba kuilamulira: angathe kuikamo mapulogalamu, kutseka ena, kusintha zomwe mwini wake angachite. Ukachoka ntchito iyenera kutulutsidwa mwadongosolo, apo ayi ukhoza kupezeka ukuvutika kufika pa mafayilo ako omwe. Pa kompyuta ya ofesi zonsezi n'zoyenera, chifukwa katunduyo ndi wawo, ndipo ndi chifukwa chokwanira choti musamasunge zithunzi zanu ndi makalata ofunsira ntchito kwina pa kompyuta ya kuntchito. Koma laputopu yanga muli mitu iwiri ya dissertation yanga ndi zithunzi za ukwati wa mkulu wanga. Ine amene semesita yathayi ndinalemba nkhani yaitali yofunsa kuti mphamvu zimakhala ndi ndani m'mabungwe ndipo zimayenda bwanji, ndinali wokonzeka kupereka zonsezo chifukwa chofuna printa. Kulembedwa m'kaundula kumabwera ndi malamulo a mudzi, ndipo munthu wa Humanities ndiye anayenera kukhala woyamba kufunsa kuti malamulowo ndi otani.

Sindikufuna kuti mlandu wonse ugwere ife ophunzira. Mayi a ku administration si munthu wogona. Amayendetsa magalimoto a bungwe lonse, mafuta, makiyi ndi malisiti, ndipo palibe tambala imasowa. Anapatsidwa kiyi wa domain popanda kuuzidwa choti ayang'ane chitseko chikakana. Nzeru zonse zinali m'mutu mwa munthu mmodzi, ndipo mutuwo ukapita ku nyanja ofesi imatsala ikulosera. Kusukulu nakonso, kosi ya makompyuta yomwe ambiri timatenga chaka choyamba inatiphunzitsa kusiyanitsa hardware ndi software, kupendeketsa zilembo mu Word ndi kuphatikiza manambala mu Excel. Sindikumbukira tsiku lomwe anatiikira uthenga wa vuto pa bolodi n'kutifunsa kuti ukunena chiyani, ndipo sukunena chiyani. Ola limodzi lotero likanandipulumutsira sabata yathunthu, ndipo likanaphunzitsidwa bwino ndi mphunzitsi wa Literature monga momwe likanaphunzitsidwira ndi wa makompyuta.

Sabata yanga yomaliza ndinalemba tsamba limodzi, Chichewa mbali ina Chingerezi mbali ina, lonena zoyenera kuona kompyuta ikakana kulowa mu domain: jambulani uthenga musanadine OK, tsegulani Details, onani mtundu wa Windows, onani ngati muli pa chingwe kapena pa Wi-Fi ya alendo, fananizani DNS ndi ya mnzanu, onani time zone osati wotchi yokha. Ndinawapatsa a IT kuti aone. Anakhwatcha mzere umodzi, pomwe ndinafotokoza mmene munthu angasinthire DNS, n'kulembapo kuti imbani kaye. Ndinawiringula pang'ono, koma ndinakumbukira 8.8.8.8 n'kukhala chete. Mayi anamata tsambalo mkati mwa chikuto cha kabuku kawo kaja.

Printa ya pakhonde, ndisanaiwale, inandikana ulendo woyamba womwe ndinaitumizira lipoti. Ndinapita kukawerenga pa kasikirini kake. Mapepala anali atatha.